Galimoto zoyenda m'thengo zisautsa midzi ya m'chipululu cha Mojave

Kwa zaka zoposa 20 tsopano, anthu okhala m'midzi ya m'chipululu cha Mojave, kummwera kwa chigawo cha California m'dziko la America, akhala akudandaula ndi mchitidwe wa anthu ena omwe amathamangitsa galimoto ndi njinga zamoto paliponse m'thengo, ngakhale m'malo a eni, posalabadira malamulo.

Madandaulo awo ndi okhudza fumbi, phokoso, mipanda yogwetsedwa, misewu yadothi yokumbika komanso nthaka yomwe ikapondedwa kamodzi imatenga zaka zambirimbiri kuti ibwerere mwakale.

Nkhaniyi idamvekanso kwambiri mu October 2024 pomwe woweruza milandu Susan Illston, wa bwalo la boma lalikulu mumzinda wa San Francisco, adagamula kuti nthambi yoyang'anira malo a boma ya Bureau of Land Management, BLM mwachidule, idalephera kuonetsa kuti idatsata malamulo posankha njira zoti galimotozi ziziyendamo kuzambwe kwa chipululuchi. Aka kadali kachiwiri woweruza yemweyu kupereka chigamulo chotere, popeza adagamulanso chimodzimodzi mu 2009.

Tikaunika mbiri ya nkhaniyi, chikuonekera poyera n'chakuti vuto si kusowa kwa malamulo, pakuti malamulo adayamba kulembedwa mu 1972. Chomwe chakhala chikuperewera ndi malire ooneka ndi maso, anthu okwanira ochita kalondolondo, ndalama zodalirika komanso mgwirizano pakati pa nthambi za boma zomwe zimagawana udindo pa dera limodzi.

Dera lake ndi anthu ake

Mbali yaikulu ya chipululu cha Mojave ili pansi pa khonsolo ya San Bernardino, yomwe dera lake ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 52,000. Uku ndi kukula koposa magawo awiri mwa magawo asanu a dziko lonse la Malawi, lomwe ndi masikweya kilomita 118,484.

Anthu ambiri a m'derali amakhala m'mizinda yomwe ili chakummwera chakuzambwe, kufupi ndi Los Angeles. Kuchipululu kwenikweniko kuli matauni ang'onoang'ono ndi midzi yotalikirana monga Landers, Johnson Valley, Lucerne Valley ndi Wonder Valley.

Mudzi wa Wonder Valley, womwe uli kuvuma kwa tauni ya Twentynine Palms, udayamba kaamba ka lamulo la Small Tract Act la 1938, lomwe linkalola nzika kutenga malo a boma osapitirira maekala asanu bola zimangepo kanyumba. Lamuloli lidathetsedwa mu 1976, koma zotsatira zake zilipobe.

Malo a anthu ndi malo a boma adalukanalukana ngati mkeka, ndipo tinyumba tambiri tomwe tidamangidwa nthawi imeneyo tidasanduka mabwinja. Mlendo akaima pamenepo amangoona mchenga ndi zitsamba mpaka kumapiri, osadziwa kuti waima pa malo a munthu kapena a boma.

Ambiri mwa okhala m'midziyi ndi anthu opuma pantchito ndi ena omwe adatsata malo otsika mtengo komanso bata. Koma nthawi ya tchuthi, makamaka pa chikondwerero cha Thanksgiving mu November, pa chaka chatsopano ndi pa tchuthi cha Presidents' Day mu February, kumafika magulu a anthu ochokera m'mizinda ya pamtunda wa makilomita oposa 200, atanyamula njinga zamoto za matayala awiri ndi anayi komanso tigalimoto topangidwira kuthamanga mumchenga.

Tiyenera kunena pano kuti ambiri mwa alendowa amapita kumalo ovomerezeka ndipo amatsata malamulo. Kwa iwo awa ndi masewero a banja lonse, ndipo eni masitolo, malo ogona ndi malo omwetsera mafuta m'matauni a m'chipululu amapindula nawo. Mavuto amadza ndi ochepa omwe amaona chipululu chonse ngati bwalo lopanda mwini.

Chilonda chosapola msanga

Munthu wosadziwa angafunse kuti tayala lingaononge chiyani pa malo omwe ndi mchenga ndi miyala yokhayokha. Yankho lagona pa momwe nthaka ya m'chipululu imadzitetezera.

M'zigwa zambiri za Mojave mvula siipitirira mamilimita 150 pachaka, pamene mzinda wa Lilongwe umalandira oposa 800. Pamwamba pa nthaka yotereyi pamamera kachikhungu kopyapyala, kofanana ndi nkhoko za mumphika, kopangidwa ndi ndere ndi tizamoyo tina tosaoneka ndi maso. Kachikhunguka ndiko kamamanga dothi kuti lisauluke ndi mphepo, kamasunga chinyontho komanso kamathandiza kuika chonde m'nthaka.

Malo ena ali ndi timiyala toyalana bwino ngati kuti munthu adachita kutiyala, ndipo pansi pake pali dothi losalala ngati ufa. Timiyala timeneti timatenga zaka masauzande kuti tiyalane chomwecho.

Tayala likadutsa limaswa kachikhungu kaja, limamwaza timiyala ndi kutsendereza dothi la pansi. Mphepo ikaomba dothi limauluka, ndipo mvula ikagwa madzi salowa pansi koma amathamanga motsata chidindo cha tayala mpaka kukumba chigwembe.

Choipa china n'chakuti chidindo chimodzi chimaitana chinzake. Wobwera pambuyo akaona pomwe padadutsa mnzake amayesa ndi njira, ndipo pakutha pa tchuthi chimodzi pamakhala pataoneka msewu womwe sudalembedwe pa mapu aliwonse.

Umboni wa kuchedwa kwa nthakayi kupola ulipo. Pakati pa 1942 ndi 1944, asilikali a dziko la America ankaphunzira nkhondo m'chipululu cha California pa malo omwe adakhazikitsa mkulu wa asilikali George Patton. Patha zaka zoposa 80, koma zidindo za akasinja awo zikuonekabe m'malo ambiri. Akatswiri a za nthaka Robert Webb ndi Howard Wilshire adasonkhanitsa kafukufuku wa mtunduwu m'buku lomwe lidatuluka mu 1983, kotero palibe mdindo anganene kuti sadachenjezedwe.

Zomera nazo zimakula pang'onopang'ono. Pakati pa Lucerne Valley ndi Landers pali chitsamba cha mtundu wa creosote chomwe chimatchedwa King Clone, ndipo akatswiri amati chakhala chikuphukira kuchokera ku tsinde limodzi kwa zaka pafupifupi 11,700. Chitsambachi chili kufupi ndi dera lomwe galimoto zoyenda m'thengo zimachuluka, ndipo chidachita kuikidwa m'malo otetezedwa.

Nyama yomwe yavutika kwambiri ndi kamba wa m'chipululu. Kambayu amakhala nthawi yambiri ya moyo wake mu una, ndipo amatenga zaka zapakati pa 13 ndi 20 kuti ayambe kuswana. Galimoto zimaponda akamba, zimagumula mauna awo ndi kuononga zomera zomwe amadya, pamene zinyalala zosiyidwa ndi anthu zimakopa akhwangwala omwe amadya tiana ta akamba.

Boma lalikulu lidaika kamba wa ku Mojave pa mndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo mu 1990, ndipo mu 2024 komiti yoona za nyama zakuthengo m'chigawo cha California idavomereza zomuika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Galimoto si zokhazo zomwe zachepetsa akambawa, popeza palinso matenda, chilala ndi kukula kwa matauni, koma pa zonsezi kayendedwe ka galimoto ndi kamodzi mwa zinthu zomwe lamulo lingathe kuwongolera msanga.

Chuma cha makolo nacho sichidasiyidwe. Kumpoto kwa tauni ya Blythe, kufupi ndi mtsinje wa Colorado, kuli zithunzi zikuluzikulu za anthu ndi nyama zomwe eni nthaka akale adajambula pansi pochotsa timiyala takuda. Chachikulu mwa izo ndi chotalika mamita 52. Matayala adadutsa pa zithunzizi asadamangepo mpanda mu 1974, ndipo zipsera zake zikuoneka mpaka lero. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Kwa anthu a m'midzi, vuto lomwe amakumana nalo tsiku ndi tsiku ndi fumbi. Kupatula kulowa m'nyumba ndi kusautsa odwala chifuwa cha mphumu, dothi la m'madera ena ouma a California limasunga tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo otchedwa valley fever, omwe munthu amawatenga popuma fumbi.

Malamulo alipo kuyambira 1972

Mu February 1972, mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, Richard Nixon, adasayinira lamulo nambala 11644 lolamula nthambi zoyang'anira malo a boma kuti zisankhe madera ndi njira zomwe galimoto zoyenda m'thengo zingadutsemo, ndipo kuti posankhapo zichepetse kuonongeka kwa nthaka, zomera ndi nyama komanso mikangano ndi anthu okhala pafupi.

Mu 1977, Jimmy Carter adaonjezera lamulo nambala 11989 lopatsa akuluakulu a nthambizi udindo wotseka nthawi yomweyo dera lililonse lomwe galimoto zikuononga kwambiri. Potsatira malamulowa, BLM imagawa malo ake m'magulu atatu: malo otseguka momwe munthu angayende paliponse, malo momwe ayenera kuyenda m'njira zosankhidwa zokha, ndi malo otsekedwa.

Chaka cha 1976 nyumba ya malamulo idakhazikitsa dera losamalira chipululu cha California la maekala 25 miliyoni, ndipo ndondomeko yoyendetsera derali idatuluka mu 1980. Mu 1994 kudadzanso lamulo lomwe lidakweza Joshua Tree ndi Death Valley kukhala mapaki akuluakulu a dziko.

Mikangano idayamba kale. Mpikisano wa njinga zamoto wochokera ku Barstow kukafika ku Las Vegas, womwe udayamba mu 1967, udakula mpaka kufika opikisana pafupifupi 3,000 mu 1974. BLM idauimitsa chaka chotsatira, idaulolanso mu 1983, kenaka idasiyiratu kupereka chilolezo utachitika wa 1989.

Ntchito yomwe yavuta kwambiri ndi yosankha njira. Ndondomeko ya West Mojave Plan ya 2006 idavomereza njira zotalika makilomita pafupifupi 8,000. Mabungwe oteteza zachilengedwe adakasuma, ndipo mu 2009 bwalo lidapeza kuti BLM siidaonetse momwe idagwiritsira ntchito mfundo zochepetsa kuononga zomwe lamulo limafuna.

Nthambiyi idabwereza ntchitoyo ndipo mu 2019 idatulutsa ndondomeko ina yokhala ndi njira zotalika makilomita oposa 9,000. Iyi ndiyo idakapezekanso yoperewera mu 2024. Choncho kwa zaka pafupifupi 20, funso loyambirira lenileni, loti galimoto idutse pati ndipo isadutse pati, lakhala likuzungulira pakati pa maofesi ndi mabwalo a milandu.

Zomwe anthu a m'midzi adachita

Ataona kuti madandaulo a munthu mmodzimmodzi sakuphula kanthu, anthu a m'dera la Morongo Basin, momwe muli Wonder Valley ndi Landers, adakhazikitsa gulu lotchedwa Community ORV Watch. Gululi linkalimbikitsa anthu kulemba tsiku ndi malo a chilichonse chomwe chachitika, kujambula zithunzi, kuimbira apolisi ndi kukaonekera ku misonkhano ya khonsolo.

Khama lawo, pamodzi ndi la magulu ena, lidabala zipatso mu 2006 pomwe khonsolo ya San Bernardino idakhazikitsa lamulo nambala 3973. Pokonza lamuloli, oimira okhala m'midzi, oteteza zachilengedwe ndi ena mwa oimira oyendetsa galimotozi adakhalira limodzi pansi.

Mfundo yaikulu ya lamuloli idali yakuti aliyense woyendetsa galimoto yotere pa malo a munthu wina ayenera kukhala ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa mwini malo. Kale mwini malo ndiye ankavutika kuika zikwangwani ndi kupereka umboni woti wolakwayo adadziwa kuti walowa pa malo a eni. Lamulo latsopanoli lidasamutsa mtolowo kuuika pa woyendetsa: wapolisi akamuimitsa, aonetse kalata.

Lamuloli lidatinso fumbi, utsi ndi phokoso losautsa oyandikana nawo ndi mlandu, komanso kuti anthu khumi kapena kuposerapo akafuna kusonkhana ndi galimoto zawo pa malo amodzi, ayambe atenga chilolezo kukhonsolo.

Gawo lomalizali lidautsa mapiri pachigwa. Oyendetsa galimoto ambiri, ena mwa iwo eni malo m'midzi yomweyo, adati si chilungamo kuti munthu alipire chilolezo pofuna kucheza ndi abale ake pa malo akeake. Mu 2010 khonsolo idafewetsa gawo limeneli, ngakhale mfundo ya kalata ya mwini malo idatsala.

Pa nthawi ya mkanganowu, ena mwa omwe ankakanena olakwa kupolisi adadandaula kuti ankaopsezedwa. Ichi n'chinthu chomwe adindo sayenera kuchipeputsa, chifukwa m'mudzi wa anthu ochepa aliyense amadziwa yemwe waimba foni, ndipo ndondomeko yodalira mboni imagwa ngati mbonizo zilibe chitetezo.

Chifukwa chake kugwira olakwa kumavuta

Chifukwa choyamba ndi mtunda. Wapolisi akalandira foni kuchokera kumudzi wakutali, pomwe azifika wolakwayo amakhala atapita kale, ndipo galimoto wamba ya polisi siingathamangitse njinga yamoto mumchenga.

Chachiwiri ndi kugawanika kwa udindo. Pa malo a boma lalikulu, olondera a BLM ndiwo ali ndi mphamvu. Pa malo a anthu pamafunika apolisi a khonsolo. Za malamulo a pamsewu zimakhudza apolisi apamsewu a chigawo cha California, pamene za phokoso ndi fumbi zimapitanso kwa oyendera malamulo a khonsolo. Njinga imodzi ingadutse m'manja mwa nthambi zonsezi m'mphindi zochepa, ndipo wodandaula amatha kutumizidwa uku ndi uku.

Chachitatu ndi kuzindikira wolakwa. Ku California galimoto zoyenda m'thengo zokha sizikhala ndi nambala yaikulu ngati galimoto zapamsewu. Zimangomatidwa kachiphaso kakang'ono komwe munthu sangawerenge ali patali, pamene woyendetsa amakhala ataphimba nkhope ndi chipewa chodzitetezera. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, koma mwini malo amalephera kuloza yemwe wamulakwira ngakhale atamujambula chithunzi.

Chachinayi ndi chindapusa. Okhala m'midzi akhala akunena kuti ndalama zomwe wolakwa amalipira n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimotozi, zomwe zimagulidwa ndi madola masauzande ambiri, kotero ena amangochitenga ngati mtengo wolowera pachipata.

Kufunika kwa olondera kudaoneka bwino pomwe ntchito zambiri za boma lalikulu zidaima kwa masiku 35, kuyambira pa 22 December 2018 mpaka pa 25 January 2019, kaamba ka kusagwirizana pa ndondomeko ya zachuma. Paki ya Joshua Tree idakhala yotsegula koma ndi antchito ochepa. Anthu ena adatsegula njira zatsopano ndi galimoto m'malo oletsedwa ndipo mitengo ina idaonongedwa. Yemwe adakhalapo mkulu wa pakiyi, Curt Sauer, adachenjeza kuti zina mwa zoonongekazo zingatenge zaka 200 mpaka 300 kuti zibwerere mwakale.

Malamulo a pakiyi sadasinthe m'masiku 35 amenewo. Chomwe chidasintha n'chakuti padalibe wowayang'anira.

Malo ovomerezeka ndi thumba la ndalama

Boma silidasankhe njira yoletseratu masewerowa. M'malo mwake lidapatula madera omwe anthu angathamangitsemo galimoto momasuka. Lodziwika kwambiri ndi la Johnson Valley, lomwe lidatsala ndi maekala pafupifupi 96,000 nyumba ya malamulo itapereka mbali ina kwa asilikali a ku Twentynine Palms mu 2013. Gawo lina la maekala amenewa amagawana ndi asilikaliwo, omwe amaloledwa kulitseka kawiri pachaka, masiku 30 ulendo uliwonse.

Kumeneku n'komwe kumachitikira mpikisano wa King of the Hammers, womwe udayamba mu 2007 ndipo umakopa anthu masauzande ambiri chaka chilichonse. Kupatula malo otere kumachotsa chodzikhululukira choti munthu alibe koseweretsa galimoto yake, koma sikuthetsa vuto pakokha, popeza midzi yoyandikana ndi malowa ndiyo imalandira fumbi ndi anthu odumpha malire.

Ngakhale m'malo ovomerezeka kalondolondo amafunika. Pa 14 August 2010, galimoto ina yomwe inkapikisana nawo pa mpikisano wa California 200 idagubuduka ndi kugwera anthu oonerera m'dera lomweli, ndipo anthu asanu ndi atatu adafa. Kafukufuku wa BLM yomwe adavomereza kuti nthambiyi siidatsate ndondomeko zake poyang'anira mpikisanowo.

Pa nkhani ya ndalama, chigawo cha California chili ndi chitsanzo chofunika kuchiphunzira. Kuyambira 1971 chidakhazikitsa ndondomeko yolembetsa galimoto zoyenda m'thengo, ndipo ndalama za ziphaso pamodzi ndi gawo la msonkho wa mafuta zimalowa m'thumba lapadera.

Lamulo la 2007 lidagawa thandizo lochokera m'thumbali motere: 50 peresenti yosamalira malo ndi njira zovomerezeka, 25 peresenti yokonzanso malo oonongeka, 20 peresenti ya ntchito zachitetezo ndi 5 peresenti yophunzitsa anthu. Mu 2017 nyumba ya malamulo ya chigawochi idavomereza kuti ndondomekoyi ikhale yokhazikika.

Ubwino wake ndi wakuti ochita masewerowa ndiwo amalipira mbali ya mtengo wowayang'anira, ndipo apolisi a makhonsolo amatha kupempha ndalama zogulira njinga zolondera ndi zolipirira maola oonjezera nthawi ya tchuthi. Kuipa kwake n'kwakuti ndalamazi zimapemphedwa chaka ndi chaka ndipo zimagawidwa ku makhonsolo ambiri, kotero kulondera kumachuluka masiku a tchuthi ndi kuchepa masiku ena onse.

Zomwe zaoneka kuti zikuthandiza

Pa njira zonse zomwe zayesedwa, mpanda ndiwo wapereka umboni wooneka. Kufupi ndi California City, m'dera la khonsolo ya Kern, kuli malo otetezera akamba otchedwa Desert Tortoise Research Natural Area, omwe adapatulidwa ndi kutchingidwa ndi mpanda kuyambira zaka za m'ma 1970. Kafukufuku yemwe adatsogolera Kristin Berry, ndipo adatuluka mu 2014, adapeza kuti mkati mwa mpandawo mudali akamba ochuluka kuposa m'malo oyandikana nawo omwe adalibe chitetezo chotere.

Mpanda sungazungulire chipululu chonse, choncho ogwira ntchito yokonzanso malo amagwiritsa ntchito nzeru ina yosafuna ndalama zambiri. Amapita pomwe njira yosavomerezeka yapatukira pa msewu, amafafaniza zidindo za matayala, amatipula dothi lotsenderezeka, kenaka amazika nthambi zouma choimika ngati zitsamba zenizeni ndi kumwaza miyala. Sakonza njira yonse koma mbali yokha yomwe diso la wodutsa lingaone.

Cholinga n'chakuti woyendetsa asaone njira yomukopa. Nthambi zoumazo zimakolanso mbewu zouluka ndi mphepo ndi kupereka mthunzi kwa timbewu tomera. Achinyamata ongodzipereka a bungwe la Student Conservation Association agwirapo ntchito yotereyi mogwirizana ndi BLM kwa zaka zambiri.

Zikwangwani zosonyeza njira zololedwa, mapu aulere ndi kulondera kochitira limodzi pakati pa apolisi a khonsolo ndi olondera a BLM nthawi ya tchuthi zathandizanso. Magulu a oyendetsa galimoto otsata malamulo nawo amatenga mbali pophunzitsa anzawo ndi kutola zinyalala, podziwa kuti wolakwa mmodzi angachititse kuti dera lonse litsekedwe.

Vuto lomweli lafika kale m'chigawo cha SADC

Nkhaniyi si ya ku America kokha. Dziko la Namibia, lomwe lili limodzi ndi Malawi m'bungwe la SADC, lakumana ndi zofananazo m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, m'chipululu cha Namib, komwe alendo amadzaza matauni a Swakopmund, Walvis Bay ndi Henties Bay nthawi ya tchuthi cha December.

Kumeneko matayala amaononga madambo ouma a ndere ngati a ku Wlotzkasbaken, komanso amaponda mazira a kambalame ka Damara tern komwe kamaikira dzira limodzi pamtetete m'miyezi yomweyo ya tchuthi. Pofuna kuthana ndi izi, malo ena oikira mazira pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay adatchingidwa ndi mipanda ya zingwe zachitsulo.

Mu December 2010 boma la Namibia lidakhazikitsa paki ya Dorob. Pa nthawiyo nduna yoona zachilengedwe ndi zokopa alendo idali Netumbo Nandi-Ndaitwah, yemwe adadzakhala mtsogoleri wa dzikolo mu March 2025. Pakiyi idagawidwa m'zigawo, ndipo malo ena a milu ya mchenga adapatulidwa kuti anthu okhala ndi chilolezo aziseweretsamo galimoto zawo.

Ngakhale zidali choncho, mu 2013 kudabuka madandaulo akuti ojambula filimu ya Mad Max: Fury Road, omwe adagwira ntchito m'derali mu 2012, adasiya zidindo za matayala m'malo osalimba. Komiti yoona za mafilimu m'dzikolo idakana zoti padaonongeka zinthu, koma mkanganowo udaonetsa kuti kulengeza paki ndi chiyambi chabe cha ntchito.

Phunziro kwa okonza ndi oyendetsa malamulo

Dziko la Malawi lilibe chipululu, koma ogwira ntchito m'boma omwe amalemba ndondomeko ndi malamulo a m'makhonsolo angatolepo mfundo zingapo pa zomwe zachitika ku Mojave.

Yoyamba n'njakuti lamulo lonena za malo liyenera kuoneka pa malopo. Mzere wa pa mapu omwe ali mu ofesi suletsa munthu yemwe ali m'thengo, pokhapokha pakhale chikwangwani, chipilala kapena mpanda.

Yachiwiri n'njakuti lamulo lilembedwe moganizira yemwe adzaligwiritse ntchito. Mfundo ya kalata ya mwini malo idapulumuka pa mkangano wa 2010, ndipo mphamvu yake yagona poti wapolisi angathe kuitsimikiza pomwepo popanda kufuna mboni zambiri.

Yachitatu ikukhudza ndalama. Ntchito yolondera ndi yokonzanso malo iyenera kukhala ndi gwero lodziwika la ndalama kuyambira tsiku lomwe lamulo likukhazikitsidwa, ndipo n'koyenera kuti opindula ndi malowo asenzeko mbali ya mtolowo.

Yachinayi n'njakuti pomwe nthambi zingapo zikugawana dera limodzi, wodandaula akhale ndi khomo limodzi logogoda, ndipo akanena atetezedwe.

Yomaliza, yomwe zigamulo za 2009 ndi 2024 zidatsindika, n'njakuti nthambi ya boma iyenera kusunga umboni wa momwe idafikira pa chiganizo chake. BLM siidagonje chifukwa cholola galimoto m'chipululu, pakuti lamulo limalola zimenezo. Idagonja chifukwa siidathe kuonetsa, njira ndi njira, kuti idayesetsa kuchepetsa kuononga monga lamulo limanenera.

Kwa anthu a ku Wonder Valley ndi midzi inzake, zigamulo za ku San Francisco zidzakhala ndi tanthauzo pokhapokha zitasanduka zikwangwani m'mbali mwa njira, olondera ofika msanga akaitanidwa ndi masiku a tchuthi opanda fumbi pakhomo. Pamene maofesi akulembanso mapu, nthaka yomwe ikusungabe zidindo za akasinja a 1942 ikupitirira kulandira zidindo zatsopano.